Malo awiri otsalawa tipatse ndani?

Izi ndi zomwe ndinayankhula pa msonkhano wa kalabu Lamulungu lapitali. A mlembi anandiuza kuti ndizilembe bwinobwino tiziike pano pa tsamba lathu, kuti amene munali ku maliro kwa Mpingu ndi amene munapita kukagulitsa soya ku Nsaru muwerenge Loweruka lisanafike. Ndakonza pang'ono pomwe ndinachita chibwibwi, koma mfundo sindinasinthe.

Zikomo a tcheyamani, zikomo a komiti, zikomo anzanga nonse. Ine si kochi, mukundidziwa. Ndine uja ndimakhala pa njerwa m'mbali mwa bwalo ndi kope pamene inu mukutuluka thukuta, ndipo ena mumanditcha kalaliki wa timu. Dzinalo ndinalilandira. Chilembereni mayeso a Fomu 4 nthawi ndili nayo yambiri, ndiye bandulo ikapezeka ndimaithera pa basketball ya ku America, makamaka nkhani ya mmene matimu akumeneko amasankhira osewera atsopano. Amayi amati ndikutaya ndalama. Lero mwina ndiwaonetseko kuti sizinapite pachabe zonse.

Nkhani yake mwaimva kale. Kochi wa timu ina ya m'tauni, amene anadzaonera gemu yathu mwezi watha, wati titumize anthu asanu ku ma trials kumapeto kwa mwezi uno, anyamata kapena atsikana, iye alibe nazo kanthu chifukwa ali ndi matimu onse awiri. Atatu palibe akutsutsa. Ngakhale mayi ogulitsa zitumbuwa pansi pa mtengo paja atha kuwatchula mayina. Koma malo awiri otsalawo akulimbiranidwa ndi anthu asanu ndi atatu, ndipo pa gulu lathu la WhatsApp tinakangana mpaka wina anatuluka usiku. Tamubwezeretsa, musade nkhawa. Ndiye ine ndapempha mphindi zochepa kuti ndikuuzeni mmene anthu amene ntchito yawo ndi yomweyi amaganizira, tisanayambe kukwezanso mawu.

Ku America kuli ligi yaikulu ija ya NBA, ya matimu 30. Kumeneko timu singodzuka n'kukagula mwana wa ku koleji. Chaka chilichonse mu June pamakhala chomwe amachitcha draft. Matimu amasankha mosinthana, mmodzimmodzi, anyamata ochokera m'makoleji a ku America ndi ena ochokera m'maiko akunja, bola akhale akukwanitsa zaka 19 chaka chimenecho. Matimu amene anachita moipa mu sizoni yapitayo ndi amene amayamba, kuti ofooka apezeko mphamvu, ngakhale pa malo oyambirira penipeni amachita kaye maere. Amazungulira kawiri. Ulendo woyamba anthu 30, wachiwiri anthu 30, onse pamodzi 60. Zatha. Ena onse, ngakhale anali mafumu ku koleji kwawo, akasake kwina.

Kuti mumvetse kusiyana kwa maulendo awiriwa, kumbukirani selekishoni ya Sitandade 8. Mayina oyamba akatuluka, kunyumba kumaphedwa nkhuku. Ndiye pamadzabwera second selection, anthu atayamba kale sukulu, yongodzaza malo a amene sanapite. Ine ndinalowa Fomu 1 kudzera pa yachiwiriyo. Ndinafika anzanga atadzaza kale theka la kope, ndipo nkhuku sinafe. Ku NBA nakonso ndi choncho. Wosankhidwa mu ulendo woyamba amapatsidwa kontrakiti yomwe ndalama za zaka ziwiri zoyamba n'zotsimikizika, asewere asasewere. Wa ulendo wachiwiri alibe lonjezo limenelo. Ena amapatsidwa kontrakiti yoti azisewera uku ndi uku, mu NBA ndi mu ligi yaing'ono ya G League, ena amauzidwa kuti zikomo sizoni isanayambe n'komwe.

Ndiye ntchito yeniyeni ya anthu ofufuza osewera, ma scout aja, imaoneka mu ulendo wachiwiriwu. Nambala 1 aliyense amamudziwa, ngati atatu athuwa. Koma pofika nambala 35, 41, 57, aliyense wotsala ali ndi chilema chomwe chachititsa kuti matimu amudumphe: uyu wafupika, uyu wakula, uyu saponya bwino patali, uyu sathamanga. Wopanda chilema anatengedwa kalekale. Funso limasanduka lakuti: chilema chiti chomwe tingakhale nacho, ndipo munthuyu ali ndi chiyani chomwe chingachiphimbe? Anthu athu asanu ndi atatuwa ali pamenepo. Musakhumudwe, ndikunena mwachikondi.

Ndiyambe ndi nkhani ya neba wathu. Hasheem Thabeet ndi wa ku Tanzania, wobadwira ku Dar es Salaam, wamtali masentimita 221. Tangoganizani, pa chitseko cha tchalitchi chathu ayenera kuwerama. Anakasewera ku koleji ya Connecticut, ndipo kumeneko anali chilombo. Mu sizoni yake yomaliza ankatchinga mipira yopitirira inayi pa gemu iliyonse, anthu ankaopa kuyandikira ringi. Mu draft ya 2009 timu ya Memphis inamutenga pa nambala 2. Nambala 3 anali James Harden. Nambala 7 anali Stephen Curry, yemwe ena mumavala dzina lake kumsana pa ma jezi a pa kaunjika. Sizoni yoyamba isanathe, Thabeet anatsitsidwa ku ligi yaing'ono, ndipo tikaphatikiza zaka zonse zomwe anakhala mu NBA sanafike ngakhale mapointi atatu pa gemu. Sindikumunyoza ayi. Ndi munthu woyamba wa ku Tanzania kulowa mu NBA, ife kuno tikadali kutali. Koma anthu a ndalama, a makamera, a madokotala, anaona msinkhu n'kusiya kufunsa mafunso ena. Ku koleji ankangoima pansi pa ringi, utali n'kumugwirira ntchito. Ku NBA anapeza anthu aatali ngati iye amene amathamanganso, amaponyanso patali, n'kumamukokera kunja komwe miyendo yake sinkafikako msanga.

Ndanena nkhaniyi chifukwa inenso ndinachita zomwezo, ndipo ena mukukumbuka. Chaka chatha titapatsidwa malo amodzi pa camp ya pa holide m'tauni, ndine ndinaima pompano n'kulimbikira kuti tipatse mnyamata wamtali uja. Ndinati utali suphunzitsidwa. Mawuwo ndinawatola pa intaneti ndipo ndinawanena monyada. Anapita, anakhala masiku atatu, anabwerako akuti kuthamanga kwake n'kwa ukapolo. Basketball yeniyeniyo sankaikonda, tinkangomukankha ife chifukwa cha msinkhu. Pano ali ku Joni, ndipo ndikumufunira zabwino. Amene tinamusiya, wamfupi uja ankabwera ndi tsache kudzasesa bwalo tisanafike, sanakangane ndi munthu. Anangosiya kubwera. Ndimakumana naye akupalasa kabaza pa msewu wa ku Mchinji, timapatsana moni, koma ine maso ndimagwetsa pansi. Chikomekome cha mkuyu, akulu ananena kale. Chichokereni tsiku limenelo ndi pomwe ndinagula kope ili.

Tsono ma scout anzeru amayang'ana chiyani? Chachikulu chomwe ndaphunzira ndi ichi. Ku koleji, katswiri wa timu ndi amene amakhala ndi mpira nthawi zonse, amaponya mmene wafunira, akaphonya palibe amamukalipira. Akalowa mu NBA kudzera mu ulendo wachiwiri, mpirawo ndi wa eni ake. Iye alowa mphindi zochepa kuchokera pa benchi, ndipo mwina augwira kanayi kokha. Ndiye safunsa kuti ankachinya mapointi angati. Amafunsa kuti mpira ukakhala m'manja mwa wina, iyeyu amathandiza chiyani?

Draymond Green anakhala zaka zinayi ku Michigan State. Pofika draft ya 2012 anthu ankati ndi wonenepa, ndi wamfupi kuti asewere pansi pa ringi, komanso ndi wochedwa kuti asewere kunja, mwachidule alibe malo. Golden State inamutenga pa nambala 35. Koma amene ankaonetsetsa ankadziwa kuti mnyamatayu ndi amene anatola ma rebound ambiri kuposa aliyense m'mbiri ya koleji yake, amapatsira ngati ali ndi maso kunkhongo, ndipo pa difensi amalankhula, kuuza anzake poti aime. Zonsezi sizifuna kuti kochi akupangire pulani yoti uchinye. Watenga nawo chikho kanayi, mu 2015, 2017, 2018 ndi 2022, ndipo mu 2017 anasankhidwa kukhala wotchinga bwino kuposa onse mu ligi. Amatha kutchula pamtima mayina a anthu onse 34 amene anatengedwa iye asanatengedwe. Kusunga mangawa kotereku ine sindikulimbikitsa, koma ndikukumvetsa.

Wina ndi Luc Mbah a Moute wa ku Cameroon, nambala 37 mu 2008, kuchokera ku UCLA. Sanali wochinya. Ntchito yake inali yomaka munthu woopsa wa timu inayo mpaka atope, ndipo ntchito imeneyo inamudyetsa zaka zopitirira khumi mu NBA. Pa ma camp omwe ankachititsa kwawo ndi pomwe Joel Embiid ndi Pascal Siakam anaonekera.

Tibwere kwathu kuno. Amene tiwatumize m'tauni akapeza timu ili kale ndi ochinya ake, ana amene anayamba kudunda mpira pa simenti ali ku pulayimale. Palibe akawapatse mpira kuti onetsa zako. Kochi akayang'ana amene akubwerera msanga kumbuyo mpira ukatayika, amene akudziponya pansi kulimbirana mpira, amene akutseka munthu wake kuti asatole rebound. M'kope mwanga muli munthu amene pa magemu asanu apitawa sanachinye kupitirira mapointi anayi pa gemu, koma walanda mipira yambiri kuposa wina aliyense, ndipo timu yomwe iye ali imapambana kawirikawiri pa training. Pa WhatsApp dzina lake silinatchulidwe ngakhale kamodzi. Sindimutchula pano, Loweruka mukaona nokha manambala.

Za msinkhu sindikuti tizitaye. Ndikuti tiziyeza bwino. Draft isanachitike, anyamata amaitanidwa ku Chicago komwe amawayeza atavula nsapato, n'kuyezanso kutalika kwa mikono atatambasula, kuchokera ku nsonga ya chala ichi kukafika ku nsonga ya chinacho, komanso pomwe dzanja limafika ataima chilili. Chifukwa mpira sutchingidwa ndi mutu, umatchingidwa ndi manja. Draymond ndi wa masentimita pafupifupi 198, koma mikono yake imafika pafupifupi 216. N'chifukwa chake amalimbana ndi zimphona. Ife kuno timangoimika anthu msana ndi msana n'kuika buku pamutu. Pali mmodzi pakati pathu amene amaoneka wapakatikati koma akatambasula manja amakhala ngati khwangwala akuuluka. Tikufunika tepi ndi khala, khoma lilipo.

Komanso tepiyo isatilamulire. Desmond Bane, wa koleji ya TCU, mikono yake siposa msinkhu wake, ndipo anthu ankamuseka nazo. Anatsetsereka mpaka nambala 30 mu 2020. Koma ankaponya patali mosaphonyaphonya zaka zinayi zonse za ku koleji, ndipo dzanja limenelo anapita nalo ku Memphis. Mu 2025 Orlando inapereka osewera awiri ndi malo anayi a ulendo woyamba wa draft kuti imutenge. Isaiah Thomas, wa masentimita 175 okha, msinkhu wa ambiri a ife, anatengedwa pa nambala 60 mu 2011, womaliza penipeni, wotseka chitseko. Mu sizoni ya 2016 mpaka 2017 ankachinya mapointi 28.9 pa gemu ku Boston. Afupiafupi musaombe m'manja msanga. Phunziro lake si lakuti kufupika kulibe vuto. Wamfupi kuti apulumuke ayenera kukhala ndi chinthu chimodzi chomwe amachita bwino kwambiri moti kochi achite manyazi kumusiya.

Pa nkhani ya kuponya pali kachinsinsi komwe ndimakakonda. Ma scout sakhulupirira kwambiri manambala a three points a ku koleji. Sizoni ya koleji ndi ya magemu ongopitirira 30, munthu atha kungokhala ndi mwayi miyezi iwiri n'kuoneka katswiri. Komanso mzere wake ku koleji uli pa mamita 6.75, pomwe ku NBA kutsogolo kwa ringi uli pa mamita 7.24. Ndiye amayang'ana free throw. Pamenepo palibe wokumaka, palibe wokupatsira bwino kapena moipa, mtunda ndi womwewo, pafupifupi mamita 4.6 kuchokera pa bolodi, kaya uli kwa Njewa kaya uli ku New York. Amene amalowetsa ma free throw ambiri ndiye kuti dzanja lake n'lofewa, ndipo za patali angaphunzire. Amene amalowetsa ya patali imodzi anthu n'kukuwa, koma pa free throw akungomenya chitsulo, ameneyo dzanja likadalibe.

Apa ndikufuna anyamata mumve bwino, chifukwa ndinaona ena akuseka pamene mayina a atsikana awiri aja analembedwa. Ringi ya netball ili pa mamita 3.05, chimodzimodzi ndi ya basketball, ndipo ya netball ilibe bolodi kumbuyo yoti ikuthandize. Mtsikana amene wakhala akuchinya pa netball kuyambira Sitandade 5 waponya mipira yambiri pa ringi kuposa tonsefe. Dziko lino dzanja limenelo lili nalo. Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa chikho cha dziko lonse cha netball mu 2015 ku Sydney, ndipo wasewera zaka zambiri ku Melbourne Vixens. N'zoona kuti pa netball sadunda mpira, ndipo womaka amaima patali pang'ono, ndiye akabwera kuno ayenera kuphunzira kuthamanga ndi mpira komanso kupirira kukankhidwa. Koma tafunsani kochi aliyense chomwe chimavuta kuphunzitsa pakati pa kudunda ndi kuponya. Lachinayi lapitali ndinawerenga: mmodzi wa atsikanawo analowetsa 15 pa 20. Mnyamata amene ankaseka kwambiri analowetsa 8. Kope silinama, aise.

Ndiye pali zaka. Iyi ndi nkhani yovuta, ndiyankhula mosamala. Ku America matimu amakonda ana a zaka 19 amene angokhala chaka chimodzi ku koleji, poganiza kuti akadakula. Amene wakhala zaka zitatu kapena zinayi amati wafika kale pomwe angafike, ndipo amatsetsereka. N'chifukwa chake ulendo wachiwiri umadzaza ndi anthu okhwima amene akudziwa kale kusewera. Jalen Brunson anatenga chikho cha makoleji kawiri ndi Villanova, mu 2016 ndi 2018, anasankhidwanso kukhala wosewera bwino wa makoleji onse, koma anadikira mpaka nambala 33 kuti Dallas imutenge. Pano ndi mwini mpira ku New York Knicks. Malcolm Brogdon, amene anabwerapo kuno ku Malawi ndi agogo ake ali mnyamata, anatengedwa pa nambala 36 mu 2016 ali ndi zaka 23, ndipo anapambana onse atsopano a chaka chimenecho.

Komabe ma scout sakulakwitsa kufunsa zaka. Munthu wa zaka 22 akamagonjetsa ana a zaka 18, sudziwa ngati ndi luso kapena ndi mafupa okhwima chabe. Kwathu kuno zimenezi timaziona tsiku lililonse. Wa zaka 21 amene amanyamula matumba a chimanga akamugunda phewa mwana wa Fomu 1, mwanayo amakagwera uko, ife n'kumati eee, ndi dolo. M'tauni akakumana ndi amsinkhu wake, udolowo uthera pa geti. Ndiye tifunse mafunso awiri: ali ndi zaka zingati, ndipo anayamba liti? Siakam anayamba basketball mochedwa, atatsala pang'ono kumaliza sekondale, ndipo ankasewera ku koleji yosatchuka ya New Mexico State. Toronto inamutenga pa nambala 27 mu 2016 chifukwa inaona liwiro lomwe ankaphunzirira, ndipo mu 2019 anatenga nayo chikho. Amene wafika m'miyezi isanu ndi itatu pomwe mnzake anafika m'zaka zinayi, ameneyo ndi wofunika kumuyang'ana kawiri, ngakhale lero akugonja.

Ndipo chonde, zaka zikhale zenizeni. Ndikudziwa zomwe zimachitika m'mipikisano ya achinyamata, munthu wa ndevu zometa m'mawa womwewo akuti ndili ndi zaka 16. Wina anandinong'oneza kale kuti tingochotsako ziwiri. Ine ayi. Amene ali ndi chiphaso cha unzika abwere nacho, amene alibe abwere ndi chikalata cha ku sukulu kapena cha ubatizo. Kochi uja akatigwira bodza kamodzi, sadzabweranso kwa Njewa, ndipo amene adzavutike ndi ana a Sitandade 6 aja amatitolera mpira ukapita m'chimanga.

China chaching'ono, manambala tiziwafunsa kuti anapezeka posewera ndi ndani. Mapointi 20 omwe wina anachinya tsiku lomwe alendo anabwera anthu asanu okha, wina atavala masilipasi, ine ndinawalemba ndi pensulo. Ndimayang'ana kwambiri gemu ija tinagonja moipa, chifukwa pamenepo ndi pomwe panaoneka amene anapitiriza kuthamanga ndi amene anayamba kuloza anzake chala.

Matimu a NBA amakhalanso pansi ndi mnyamata aliyense, kumufunsa mafunso, kuimbira makochi ake akale. Ife sitifunika foni, timadziwana mpaka ku mtundu. Koma kudziwanako n'komwe kungatipweteke. M'kaundula wanga muli anthu amene anajomba training kwambiri mu February ndi March. Musafulumire kunena kuti ndi aulesi. Mmodzi anali m'chigafa kusoka fodya ndi bambo ake kuyambira m'mawa mpaka mdima, wina ankadikirira mayi ake kuchipatala ku Namitete. Ameneyo si wofanana ndi uja amajomba chifukwa ku video show kuli Arsenal. Tikamawerenga masiku tizifunsanso chifukwa chake. Ndipo tifunse funso lomwe chaka chatha sindinafunse: iweyo ukufuna kupita? Tikufunse uli wekha, osati pagulu pomwe aliyense amayankha eya.

Tsopano ndithire madzi ozizira pang'ono. Aliyense akamakamba za ulendo wachiwiri amatchula Nikola Jokić, wa ku Serbia, amene Denver inamutenga pa nambala 41 mu 2014, dzina lake likungodutsa pansi pa TV pamene ankaonetsa malonda a chakudya cha Taco Bell. Wakhala MVP katatu, mu 2021, 2022 ndi 2024, ndipo anatenga chikho mu 2023. Nkhani yokoma. Koma Denver yomweyo usiku umenewo inali itapeza kale anthu awiri mu ulendo woyamba isanafike kwa iye. Akanadziwa, akanadikira mpaka 41? Nawonso panali mwayi. Ndipo pa Jokić mmodzi pali anyamata ambirimbiri a ulendo wachiwiri amene mayina awo palibe amawakumbuka, anasewera magemu ochepa kapena sanasewereko n'komwe. Ndikunena izi kuti tikasankha bwino Loweruka koma awiriwo n'kukabwezedwa, tisadzayambe kusakana mfiti. Njira yabwino imachepetsa kulakwitsa, siikuthetsa.

Sindikulonjezanso munthu America. Khomo la ku Africa likutseguka, n'zoona. Ligi ya BAL inayamba mu 2021 ku Kigali. Mu 2024 Ulrich Chomche wa ku Cameroon anatengedwa pa nambala 57 kuchokera ku sukulu ya NBA Academy Africa ya ku Senegal, osadutsa ku koleji ya ku America. Konkuno ku Lilongwe, Bravehearts yakhala ikuimira dziko lino m'mipikisano yolowera ku BAL. Koma chomwe chili patsogolo pathu ndi chaching'ono ndipo ndi chenicheni: malo mu timu ya m'tauni, kusewera pa bwalo la simenti la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi m'malo mwa fumbi lathuli, ndipo kochi uja anati amene angakhazikike atha kuwathandizako pa fizi. Kwa ena mwa asanu ndi atatuwa, fiziyo ndi kusiyana kwa kulemba Fomu 4 ndi kukhala pakhomo. N'chifukwa chake sindikufuna tisankhe ndi phokoso.

Pempho langa kwa a komiti ndi ili. Loweruka 2 koloko tikumane pa bwalo. Aliyense wa asanu ndi atatuwo timuyeze msinkhu opanda nsapato, mikono, ndi pomwe dzanja likufika. Aliyense aponye ma free throw 30, osati nthawi imodzi, khumi asanathamange, khumi pakati, khumi atatopa, chifukwa dzanja la munthu wotopa ndi lomwe limanena zoona. Kenako tisewere, koma atatu odziwika aja tiwagawe m'matimu onse awiri ndipo mpira uzidutsa kwa iwo, kuti tione ena onsewo akuchita chiyani pamene si iwo mafumu. Olemba tikhale atatu, osati ine ndekha, aliyense ndi kope lake, tisaonerane. Ringi ya kumadzulo ija inawerama chiwotchereni, ndiye matimu azisinthana mbali, wina asadzati ndinaponyera yokhota.

Pokavota, amene ali ndi m'bale wake pa mndandanda atuluke dzina la m'baleyo likamakambidwa. Ndiyamba ndine, chifukwa mmodzi wa atsikana aja ndi msuweni wanga, ndipo ma free throw ake Loweruka awerenge wina. Mtsikana akasankhidwa, a komiti mupite kwa makolo ake inu eni, ndipo papezeke mayi wamkulu womuperekeza m'tauni. Ndalama ya minibasi ya mayiyo tiiwerengere limodzi ndi ya osewera. Kwa asanu ndi mmodzi amene atsale, ndikupempha kuti a tcheyamani akhale nawo pansi mmodzimmodzi, awauze chomwe chinasowa ndi choti akonze, osati amve pa WhatsApp ngati mmene tinachitira ndi mnzathu wa tsache uja. Ine mawa ndikupita kukamupeza pa siteji, ndikamufunse ngati angabwere Loweruka kudzatithandiza kulemba. Akakana ndimvetsa.

Amene muli ndi tepi ya amisiri, ya mamita asanu ija, tibwerekeni. Ndipo mpira wachiwiri ukutuluka mpweya, wina abwere ndi pampu ya njinga ndi singano yake.